ZA UMOYO WATHU: Phewa Likaguluka pa Bwalo la Mpira

Nchito ya kukolola ikatha, mabwalo a mpira m'midzi yathu amadzaza anthu Loweruka ndi pa Sabata. Pamodzi ndi cisangalalo cimeneci pamadzanso ngozi, ndipo sabata ino tifuna kukamba za kuguluka kwa phewa.

Mutu wa fupa la mkono ndi wobulungira, koma cibowo cimene ukhalamo m'phewa ndi cosazama. Ndico cifukwa cake mkono umatha kuzungulira mbali zonse, ndiponso ndico cifukwa cake umaguluka msanga kupambana mfundo zina za thupi. Ocita masewera, monga ogwira pagolo, apezeka kawirikawiri ndi bvutoli, makamaka akagwa mkono uli wotambasula. Pa anthu 10 oguluka phewa, oposa 9 fupa limathawira kutsogolo. Phewa limataya kubulungira kwake, ululu umakula, ndipo munthu amangofumbatira mkono osafuna kuti wina aukhudze.

Apa ndipo pabuka colakwa. Pa bwalo lirilonse sipalephera kukhala munthu wamphamvu wodziyesa katswiri, amene amaponda m'khwapa mwa wobvulalayo ndi kukoka mkono pamene anzake akumgwira. Owerenga athu, mcitidwe umenewu muuletse. Pafupi ndi mfundoyo pamadutsa mitsempha ya magazi ndi mitsempha imene ipatsa mkono mphamvu ndi kumva. Nthawi zina fupalo limakhala litathyokanso, cinthu cimene maso sangaone koma X-ray yokha. Kukoka mwacisawawa kungasiye mnyamata ndi mkono wofooka, wosatha kunyamula khasu.

Coyenera ndi ici: tengani citenje, mukoloweke mkono m'khosi monga momwe ulili, muike kansalu kopindapinda pakati pa mkono ndi cifuwa, ndipo mufulumire naye ku kiliniki kapena ku cipatala cacikulu, monga ca St Francis ku Katete kapena ca Chipata. Musampatse cakudya, ngakhale kacasu woti aphe ululu, pakuti mwina adotolo adzafuna kumgoneka ndi mankhwala. Ngati zala zacita dzanzi kapena zazizira, musayembekeze kuti kuce.

Fupa likabwezedwa, mkono umakhala m'nsalu sabata imodzi kufikira atatu, pambuyo pake wodwala amaphunzitsidwa kulimbitsa minofu pang'onopang'ono. Kubwerera ku mpira kumafuna miyezi itatu kapena inai. Acinyamata amaona ngati nthawiyi yatalika, koma ndi iwo omwe, makamaka a zaka zosafika 20, amene phewa limawagulukanso kaciwiri ndi kacitatu mpaka kufunika opareshoni. Bryan Robson, kapitao wa timu ya England, anapita ku World Cup ya 1986 ku Mexico phewa litaguluka kale caka comweco. Pa masewera a ndi Morocco linagulukanso, ndipo sanasewerenso mpaka mpikisano unatha.