Funsani Malume: Khadi la kompyuta latiyambanitsa m'nyumba



Ndine mayi wa zaka 27, ndili pabanja ndipo tili ndi ana awiri. Ine ndi amuna anga timachita geni yojambula zithunzi ndi makanema pamaukwati ndi pazinkhoswe. Tili ndi makompyuta awiri a patebulo. Ina amakonzerapo makanema iwowo, inayo ndimasungirapo ntchito za makasitomala ine. Onse awiri tidawalumikiza ndi nthambo ku rauta imodzi.

Vuto ndi loti kusamutsa kanema mmodzi kuchoka pa kompyuta yawo kubwera pa yanga kumatha pafupifupi theka la ola, kasitomala ali chidikirire pabenchi. Tsono bambowa akuti agule network card yothamanga, ati ikonza zonse, ndi intaneti yomwe, poti nayo imayenda ngati bilimankhwe. Ndalama yake akufuna atape pa fizi ya mwana wathu woyamba. Ine ndakana. Pano yatha sabata tikungopatsana moni basi, ati ndine mbuli pa zamakono. Kodi ndikulakwa? Ndithandizeni.

Mayi wa ana awiri, Zomba

Zikomo mwana wanga,

Poyamba khazika mtima pansi. Sunalakwe poteteza fizi ya mwana, komanso amuna akowo sakulota. Vuto aliona ndi lenileni. Pomwe aphonya ndi pofuna kugula mankhwala asanapime matenda. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Network card ndi kachipangizo komwe kali ndi kabowo kolowetsamo nthambo ya netiweki kuseri kwa kompyuta. Liwiro lake amaliyeza mu Mbps. Mtundu wa 100 Mbps, wotchedwa Fast Ethernet, udakhazikitsidwa mu 1995. Wa 1000 Mbps woyenda pa nthambo wamba za kopa, womwe amati Gigabit, udabwera mu 1999. Lero kuli ena othamanga koposa, monga a 2.5 Gigabit, koma pa geni yanuyi Gigabit ndi wokwana.

Tiye tiwerengere limodzi. Kanema wa 20 GB akamayenda pa 100 Mbps amatha pafupifupi theka la ola. Pa Gigabit, yemweyo amatha mphindi zitatu kapena zinayi, bola hard disk isakhale yotopa kwambiri. Ndiye theka la ola lomwe watchulalo likundiuza kuti penapake panjira pali chinthu chomwe chikuyenda pa 100 Mbps. Funso ndi loti: chinthucho n'chiti?

Taganizira msewu wotakasuka wa tala womwe pakati pake pali mlatho wodutsa galimoto imodzi. Ungakuze msewuwo chotani, mdipiti wa galimoto udzaimabe pamlathopo. Kanema wanu naye amadutsa malo angapo: khadi la kompyuta yoyamba, nthambo, rauta, nthambo ina, kenako khadi la kompyuta yachiwiri. Chimodzi mwa izi chikakhala cha 100 Mbps, ulendo wonse umayenda pa 100 Mbps. Mukagula khadi limodzi pomwe mlatho uli pena, ndalama yalowa m'madzi.

Choncho musanatulutse ndi tambala yomwe, khalani pansi nonse awiri muchite zinthu zitatu izi. Zonsezi n'zaulere.

Choyamba, onani makhadi omwe muli nawo kale. Pa Windows tsegulani Device Manager, mupite pomwe alemba Network adapters. Dzina la khadi likakhala ndi mawu oti Gigabit kapena GbE, dziwani kuti khadilo ndi lothamanga kale. Likakhala ndi Fast Ethernet kapena FE, ndi la 100 Mbps. Makompyuta ambiri a patebulo a zaka zaposachedwa amabwera ndi Gigabit kuchokera kufakitale, ndiye n'kutheka kuti chomwe bambo akufuna kugula chili kale m'nyumbamo. Onani makompyuta onse awiri.

Chachiwiri, onani rauta. Marauta ambiri otsika mtengo ali ndi timabowo ta 100 Mbps basi. Werengani pakatoni kapena m'kabuku kake. Mukaona 10/100 yokha, mlatho uja mwaupeza. Apa chofunika si khadi ayi, koma kabokosi kotchedwa switch ka Gigabit. Makompyuta onse awiri mumawalumikiza ku switch, kenako nthambo imodzi kuchoka pa switch kupita ku rauta. Kanema azidutsa pa switch osafikanso ku rauta.

Chachitatu, onani nthambo. M'kati mwa nthambo ya netiweki muli timawaya 8. Liwiro la 100 Mbps limagwiritsa ntchito 4 tokha, koma Gigabit imafuna tonse 8. Kamodzi kakaduka, kapena amene adamanga mitu ya nthambo akalakwitsa, makompyuta amatha kubwerera okha pa 100 Mbps mwakachetechete. Nthambo yopanidwa ndi chitseko kapena yolumidwa ndi khoswe imachita zotere. Pakhungu pake payenera kulembedwa Cat5e kapena Cat6, ndipo isatalike kupitirira mamita 100. Kuti mudziwe liwiro lomwe likuyenda, dinani batani la Windows limodzi ndi R, lembani ncpa.cpl, mutsegule Ethernet. Pa Speed padzalembedwa 100.0 Mbps kapena 1.0 Gbps.

Mukapeza kuti vuto ndi khadi ndithu, pamenepo gulani, koma mwanzeru. Tsegulani kaye kompyuta muone malo obayikapo khadi. Makompyuta akalekale ali ndi malo a PCI, aataliko ndipo nthawi zambiri oyera. Atsopano ali ndi PCI Express, ndipo khadi la Gigabit limakwana pa kakafupi kaja ka x1. Mitundu iwiriyi silowana, ndiye jambulani ndi foni mukamuonetse wogulitsa. Ngati kompyuta ndi yopyapyala, funsani khadi lokhala ndi kachitsulo kakafupi, komwe amati low profile. Mugwirizanenso kuti likakana mukabweza, ndipo risiti musaiwale.

Poika, thimitsani kompyuta ndi kuzula nthambo ya magetsi kukhoma. Gwirani kaye chitsulo cha bokosi la kompyuta kuti magetsi a m'thupi achoke, chifukwa amatha kuononga zipangizo. Khadi ligwireni m'mbali, osati pamano ake agolide. Likanikizeni mpaka likhale bwino, mumange sikuluu. Nthawi zambiri Windows imalizindikira yokha. Ikapanda kutero, driver wake mutenge kwa kampani yomwe idapanga khadilo. Ngati mukuopa kutsegula, kuli ma adapter a Gigabit obayika pa USB, koma pakhale pa USB 3.0, chifukwa USB 2.0 singafike liwirolo. Ndipo nyengo ya mvula kukamachita ziphaliwali, muzizula nthambo. Mphenzi simvera mtengo womwe mudagulira khadi.

Za intaneti, bambo ndiwauze mosapsatira: khadi silisintha kanthu. Ngati kampani ikukupatsani, mwachitsanzo, 10 Mbps, khadi lanu lakale la 100 Mbps likuposa kale kakhumi. Intaneti ikamachedwa, funsani a kampaniyo kapena muunikenso phukusi lomwe mumalipira.

Tsono ndibwere pa nkhani yomwe yandikhudza kwambiri. Fizi ya mwana isakhudzidwe. Chipangizo cha geni chigulidwe ndi ndalama ya geni. Patulani kangachepe pa ukwati uliwonse womwe mwajambula mpaka ikwane. Padakali pano, kanema mungamusamutse kasitomala asanafike, kapena usiku.

Kwa inu bambo, ngati mukuwerenga: mkazi wofunsa komwe ndalama ikupita si mbuli, ndi msungichuma wanu. Mawu amenewo mukawabweze ndi kupepesa. Nawenso mwana wanga, usangoti "ayi" n'kutembenuka. Madzulo ano tenga nyuzipepalayi, ukoke mpando pafupi ndi iwo, mufufuze limodzi zitatu zija. Mwina mupeza kuti mwakhala sabata yathunthu osayankhulana chifukwa cha nthambo yomwe idapanidwa ndi chitseko.

Mukandilembere zomwe mwapeza.

Ndine Malume wanu