Malonda olowetsana: akudya ndani?

Achinyamata anzathu ndi akhristu nonse, malonda olowetsana anthu afika kuno ku Chipasula. Akutiuza kuti tilipire ndalama yolowera, titenge mankhwala kapena sopo, tikope anzathu, ndipo tidzalemera tili khale pakhomo. Ife tikuti ayi.

Tiyeni tiwerengere. Aliyense akalowetsa anthu 6, mzere wachikhumi wokha ufuna anthu oposa 60 miliyoni, pomwe kalembera wa 2018 adapeza kuti Amalawi tidalipo 17.5 miliyoni. Ambiri adzatsala pansi ndi katundu wosagulika, apamwamba akudya thukuta lawo. Ngakhale ku America, mu 2016 kampani ya Herbalife idavomera kulipira madola 200 miliyoni, boma litaidzudzula kuti idasocheretsa anthu pa nkhani ya phindu.

Mayi wogulitsa mandasi amapeza ndalama kwa wogula. Wamalonda awa amaipeza kwa wolowa. Nanga wolowayo ndani? Ndi mlongo wathu, mnzathu wa m'kwaya, agogo a mumphakati mwathu amene amatikhulupirira. Ndalama ikamira, ubale umamira nayo limodzi.

Choncho tisanalembetse tifunse: kodi popanda kulowetsa munthu phindu lilipo? Ngati palibe, tisalowe, ndipo tisakokere mnzathu m'dzenjemo.