Musatigwetse mphwayi ife ochepetsa thupi



Ndifuna ndiyankhulepo pa nkhani ina imene yakhala ikundidya mumtima, ndipo mawu angawa apite makamaka kwa abale athu akumudzi ndiponso kwa atsogoleri athu a mipingo. Nkhani yake ndi ya anthu amene adokotala awalamula kuti achepetse thupi chifukwa cha matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Ambiri amayamba ndi changu, koma pakatha miyezi inayi kapena isanu mumangowapeza abwerera ku mitanda inayi ija. Anthu amati ndi dyera. Ine ndikuti ayi. Chimene chimawagwetsa kwambiri ndi pakamwa pathu, ife owazungulira.

Ine ndimakhala ku Bangwe koma kwathu ndi ku Chiradzulu. M'chaka cha 2022 sikelo ya kuchipatala idandionetsa makilogalamu 113, shuga atakwera, BP nayo ili m'mwamba. Lero ndikulemera makilogalamu 86. Ulendowu wanditengera zaka zoposa ziwiri, ndipo kunena zoona njala sidandivute ngati m'mene adandivutira malilime a anthu ondifunira zabwino.

Kwathu kuno munthu akamati “Mwanenepatu!” ndiye kuti wakuyamikira. Mayi wonenepa ndiye kuti mwamuna wake akumusamala, bambo wa chimimba ndiye kuti zake zikuyenda. Pamwamba pa izi tidakumana ndi mliri. Wodwala Edzi woyamba adapezeka m'dziko muno m'chaka cha 1985, ndipo ife amene tidakumba manda m'zaka za m'ma 1990 sitidzaiwala dzina lija loti kaliwondewonde. Mankhwala aulere otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa mu 2004, ndipo lero anthu ambiri amene ali ndi kachilombo ali ndi matupi abwino kuposa ine, koma mantha aja adakhazikika m'maso mwathu. Tikaona kolala ya shati yatayana ndi khosi, mutu umathamangira kumanda. Amene saganiza za Edzi amaganiza za tsempho, kanyera kapena ufiti.

Nditataya makilogalamu khumi oyamba, anthu adayamba kundipatsa moni wa chisoni, uja wogwira dzanja osalisiya. Ena amapita kwa mayi a kunyumba kwanga kukawafunsa monong'ona ngati tidakayezetsa. Alongo anga akumudzi adawakalipira alamu awo kuti asiya kundiphikira. Msuweni wina adandibweretsera mizu m'botolo, ati ndidalumphira mankhwala panjira. Kodi Akonzi, munthu amene wadziletsa miyezi isanu, n'kumalandira malipiro otere, mtima wopitiriza autenga kuti? Ndikudziwa mayi wina wa kumpingo kwathu amene adasiyira panjira chifukwa apongozi ake adati akuchititsa manyazi banja. Panopa mayiyo akuyenda ndi ndodo, mbali imodzi idafa.

Ndisanamizire abale anga kuti mantha awo ndi opusa. Munthu amene akuonda popanda chifukwa, akudya monga mwa masiku onse, makamaka ngati akutsokomola, kutuluka thukuta usiku kapena kukodza pafupipafupi, ameneyo athamange kuchipatala, chifukwa chikhoza kukhala chifuwa chachikulu, kachilombo, khansa ngakhalenso shuga yemweyo. Ndiponso sindikunyoza njala. Ndikudziwa kuti m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale kumudzi anthu amaonda osafuna, ndipo kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Kwa munthu wogona ndi njala nkhani yangayi ikhoza kumveka ngati matama a anthu a m'tauni. Koma kuonda kwa njala, kuonda kwa matenda ndi kuchepetsa thupi mwadala pomvera dokotala ndi zinthu zitatu zosiyana, ndipo ife taziika m'dengu limodzi.

Vutoli si la m'tauni mokha. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita mogwirizana ndi bungwe la WHO mu 2009 adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankalandira chithandizo chilichonse. Pafupifupi 6 mwa 100 anali ndi shuga. Kafukufuku wina wa ku Area 25 ku Lilongwe ndi kumidzi ya ku Karonga, amene zotsatira zake zidatuluka mu 2018, adapeza kuti amayi 44 mwa 100 a m'tauni anali onenepa kupyola muyeso, ndipo akumudzi anali 27 mwa 100. Amene akukayika akaone mzere wa odwala shuga ku Gulupu, akaonenso amene adadulidwa miyendo chifukwa cha kabala kakang'ono kosapola.

Nanga phindu lake lilipo? Lilipo ndithu. Madokotala a ku Scotland ndi kumpoto kwa England adayesa kuthandiza odwala shuga ya akuluakulu, amene anali asanathe nayo zaka zisanu ndi chimodzi, kuti achepetse thupi kwambiri. Zotsatira zidatuluka mu 2017: patatha chaka, 46 mwa 100 shuga wawo anali atabwerera m'chimake popanda mapiritsi, ndipo mwa amene adataya makilogalamu 15 kapena kuposa, anali 86 mwa 100. Si kuti matendawo amatheratu, thupi likabwerera nawo amabwerera, koma taganizani kuti munthu amene tikumukakamiza mtanda wachitatu uja mwina watsala pang'ono kufika pamenepo.

Chimene owonerera sadziwa n'chakuti thupi lenilenilo limalimbana ndi mwini wake. Miyezi yoyamba sikelo imatsika mosangalatsa. Kenaka imaima nji! Ine idandiimira pa 98 kwa miyezi itatu yathunthu, ndikudya chimodzimodzi, ndikuyenda chimodzimodzi. Anamwino adandifotokozera kuti thupi likaona kuti nkhokwe yake ikutsika, limaganiza kuti kwagwa chilala, choncho limayamba kugwiritsa ntchito mphamvu moumira, kwinaku likuwonjezera njala. Ofufuza a ku Melbourne ku Australia adaonetsa mu 2011 kuti timadzi ta m'thupi toyambitsa njala timakhalabe tokwera ngakhale patatha chaka munthu atachepetsa thupi. Ndiye kuti wochepetsa thupi akamamva njala si kuti ndi wofooka mtima, ndi chilengedwe. Tsoka lake n'lakuti nthawi imene sikelo yaimayi ndi yomwenso thupi layamba kuoneka kusintha, ndiye miseche imafika pamene munthu ali wotopa kale. Mkati njala ikukoka, kunja abale akukoka, onse akukokera ku mphika.

Kwa anzanga amene muli paulendowu, ndikuuzeni chimene chidandigwira dzanja m'miyezi itatu ija. Ndidasiya kupembedza sikelo. Ndimakwerapo kamodzi pamwezi, tsiku la kuchipatala, basi. M'malo mwake ndidayamba kuwerenga zina. Amene amadziwa Bangwe akudziwa kuti kuno kulibe njira yosalala, ukatsika uyenera kukweranso. Pali chitunda china pafupi ndi kwathu chimene kale ndinkapumira katatu ndisanafike pamwamba. Tsiku limene ndidachikwera osaima ndidalilemba m'buku langa la kuchipatala, pafupi ndi manambala a BP. Ndidalembanso tsiku limene ndidaboola bowo latsopano pa lamba, tsiku limene ndidamanga zingwe za nsapato osabanika, ndi Lamulungu limene ndidagwada m'tchalitchi n'kudzuka osagwira benchi. Sikelo itaima, bukulo linkapitabe patsogolo. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

China ndi anzanga. Tilipo atatu, tonse a BP, ndipo timanyamuka mbandakucha wapansi kulowera ku Limbe, pobwerera ndiye timakwera minibasi. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu aziyenda ndawala kapena kugwira ntchito yotulutsa thukuta kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, zomwe ndi theka la ola kwa masiku asanu. Ndekha ndikadasiya m'mwezi wa Juni, nthawi ya chiperoni, pamene bulangete limakoma kuposa uchi. Koma ukadziwa kuti anzako awiri aima pamsewu akukudikira m'chisanu, manyazi amakudzutsa. Anyamata a kabaza poyamba ankatiseka kuti madala awa ndalama zawathera. Panopa amangotikwezera dzanja.

Za chakudya sindichulutsa, chifukwa palibe chachilendo chimene ndidagula. Timasamba ta tiyi ndi timabotolo tochepetsa thupi timene akugulitsa m'misika ndi pa WhatsApp tisakudyereni ndalama. Ine ndimadya nsima ya mgaiwa mtanda umodzi ndi theka, mbale n'kudzaza ndi nkhwani, bonongwe, chisoso kapena therere, pambali nyemba, nandolo kapena usipa. Apa ndichenjeze, pakuti ambiri akamva zoti mgaiwa ndi wabwino amaganiza kuti aloledwa kudya mitanda isanu. Mgaiwa ndi nsima ndithu, ukachuluka shuga amakwera. Tiyi ndinkathira masupuni anayi, ndidatsika mmodzimmodzi mpaka kusiyiratu. Botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi muli shuga wokwana masupuni aang'ono pafupifupi 8, ndipo thobwa lothira shuga silisiyana nalo kwenikweni. Mandasi, chipisi ndi kanyenya wa pamsika ndimangozipatsa moni. Tsiku la ukwati ndikadya mopyola, m'mawa mwake ndimabwerera ku mtanda wanga popanda kudziimba mlandu, chifukwa amene amagwa kwenikweni ndi uja amati poti ndaphonya Loweruka, basi zonse zapita.

Tsopano kwa inu abusa, ansembe ndi mashehe athu, ndikulankhula mwaulemu ngati mwana wanu. Mawu anu ndi olemera kuposa a dokotala, chifukwa dokotala timamuona kamodzi pamwezi kwa mphindi zisanu pomwe inu timakumvani sabata iliyonse. Mukaima kutsogolo n'kuloza mkulu wa chimimba kuti taonani m'mene Mulungu wamudalitsira, ngakhale mukunena mocheza, mayi uja amene akulimbana ndi makilogalamu 100 amamva kuti akutaya dalitso. Mukamuitana munthu woonda mwadala kuti abwere kutsogolo apemphereredwe osayamba mwamufunsa, mwatsimikizira mpingo wonse miseche ija. Mufunseni kaye pambali. Akakuuzani kuti ndi lamulo la kuchipatala, mulimbikitseni pagulu monga m'mene mumalimbikitsira wosiya mowa kapena fodya, pakuti nkhondo yake ndi yofanana, kungoti mowa munthu angathe kuusiyiratu pomwe nsima ayenera kukumana nayo kawiri patsiku moyo wake wonse.

Palinso nkhani ya kusala kudya. Munthu amene akumwa mapiritsi ena otsitsa shuga kapena kudzibaya insulin, akasala tsiku lonse shuga angathe kutsikiratu mpaka kukomoka, ngakhale kufa kumene. Muziwauza otere kuti ayambe afunsa kuchipatala, ndipo asaoneke ngati achikhulupiriro chochepa. Kusala kwa mapemphero si njira yochepetsera thupi ayi. Ndipo amene mumauza odwala kuti ataye mankhwala poti apemphereredwa, maliro ake tikuyika ndife.

Ndikumverani chisoni inunso, abusa. Mukamayendera nkhosa zanu, nyumba iliyonse yakuphereni nkhuku, yakuphikirani mpunga, yakutsegulirani botolo, ndipo kukana kumaoneka ngati kunyoza. Nyumba zisanu patsiku, zaka makumi awiri, kodi mtima wa munthu ungapirire? Tawataya abusa abwino angati ndi sitiroko asanafike n'kupuma komwe? Inu mukayamba kunena poyera kuti “Amayi, madzi akumwa ndi nthochi imodzi zandikwanira,” mudzamasula anthu ambiri amene amaopa kukana. Amayi a Mvano ndi a mabungwe ena a amayi angathe kuthandizapo pa zophika za pamisonkhano, kuti masamba asamakhale ndiwo ya osauka yobisidwa kuseri kwa mbale ya nyama. M'mipingo yambiri muli anamwino ndi azachipatala. Kodi chingavute n'chiyani kuti Lamulungu limodzi pamwezi, mapemphero akatha, aziyeza anthu BP pakhonde la tchalitchi?

Kwa abale anga akumudzi, pempho langa ndi laling'ono. M'bale wanu wa m'tauni akafika atachepa thupi, mufunseni kamodzi, pamaso, osati kuseri kwa nkhokwe. Akakuonetsani buku la kuchipatala, mukhulupirireni, ndipo mkazi wake mumusiye, chifukwa mayi amene amayeza mafuta ndi supuni ndi kuchepetsa mchere tsiku lililonse ndi amene akusamala mwamuna wake koposa. Akakana mtanda wachiwiri sadakunyozeni, ndipo sakuopa kuti mumuthirira mankhwala. Ngati mukufuna kumupatsa kanthu pobwerera ku Blantyre, mumupatse mfutso, nandolo, nyemba ndi ufa wa mgaiwa, pakuti zimenezi kuno timagula modula pa kamulu kakang'ono. Pa Khirisimasi ndikubwera ku Chiradzulu. Alongo anga, nkhukuyo muphe ndithu, ine mundipatse chiwalo chimodzi, zotsalazo adye ana.

Ine wanu,
Mkulu wa mpingo,
Bangwe, Blantyre.