Tisanagule makina oyeretsa mpweya, tiyambe tayang'ana kukhitchini

Mwezi wathawu ndinalowa mu ofesi ina pa boma la Mangochi n'kupeza kamakina koyera kakulira pakona. Mlembi wa pamenepo anandiuza monyadira kuti n'koyeretsa mpweya. Nditafunsa kuti sefa yake anaisintha liti, anangoti kukamwa yasa. Sankadziwa n'komwe kuti m'katimo muli sefa.

Makinawa ayamba kuoneka m'masitolo ndi pa Facebook, ndiye tisanataye ndalama tiyeni tiwadziwe kaye.

Alipo a sefa yotchedwa HEPA. Imeneyi imakola fumbi, mwaye ndi tizinthu tina tosaoneka ndi maso, ndipo kuno komwe fumbi la mu Okutobala limalowa mpaka m'mbale, ingathandize ndithu munthu wa mphumu. Koma ikadzadza imafunika ina yatsopano, ndipo magetsi akathima ntchito yathera pomwepo. Ena ali ndi sefa ya makala okonzedwa mwapadera, yomwe imayamwa fungo, monga la penti kapena la nsomba. Palinso otulutsa mpweya wa ozone. Amenewa asiyeni, chifukwa ozone imapweteka mapapo omwe mukufuna kuwatetezawo. Fani nayo sitsuka mpweya, imangouzunguza. Air conditioner yosatsukidwa sefa imangokubwezerani fumbi lomwelo.

Koma tinene zoona. Ndi angati ku Makawa, ku Msaka kapena ku Malindi angakwanitse makina oterewa? Azakhali anga akhala akuwamba nsomba kwa zaka zambiri, ndipo akachoka pautsi umenewo amakalowanso m'khitchini yopanda zenera, mwana ali kumbuyo. Chifuwa chawo sichitha, koma iwo amangoti n'cha mwera.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati utsi wa m'nyumba, makamaka wophikira, unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni m'chaka cha 2020. Ndipo mpweya woipa wa makala, womwe umapha anthu ali m'tulo akalowetsa mbaula m'nyumba yotseka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, ulibe fungo, komanso sefa ya HEPA siukola.

N'chifukwa chake ine ndikuti tiyambire pomwe utsi ukuchokera. Tiphikire panja kapena m'khitchini ya mazenera, ndi nkhuni zouma. Chitetezo mbaula imadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa. Tigone m'neti m'malo mofukiza koyilo ya udzudzu usiku wonse, ndipo zinyalala za pulasitiki tisazitenthere pakhomo.

Khonsolo ya Mangochi ndi alangizi a zaumoyo m'midzi azilankhula za utsi momwe amalankhulira za malungo ndi kolera. Amene muli ndi ndalama gulani makinawo, palibe cholakwa, koma mufunsiretu mtengo wa sefa yake ndi komwe imapezeka. Kwa azakhali anga, ine ndayamba n'kulipira mmisiri woti akaboole zenera kukhitchini.