NDARAMA ZA KHONSOLO YA EKURHULENI ZIPITE KU MIPOPE

 Mau awa talemba ife amene tikhala kum'mawa kwa Johannesburg, m'dera limene makolo athu a Wenela analidziwa ndi dzina lakuti East Rand, ndipo lero lichedwa Ekurhuleni. Nkhani yathu ndi ya ndarama za Khonsolo: kumene zicokera, kumene zipita, ndi amene ali ndi mphamvu yakufunsa. Wina adzati imeneyi ndi nkhani ya eni dziko, mlendo asalowemo. Ife tikana. Munthu amene alinda pa mzere wa cimbudzi m'mamawa pamodzi ndi mabanja khumi, nkhaniyi ndi yace, kaya anabadwira ku Mangochi kaya ku Daveyton.

Tiyambe ndi zakale pang'ono, cifukwa bvuto ili liri ndi mizu. Mu 1923 Boma la Azungu linaika lamulo lakuti ndarama za malokeshoni a anthu akuda zisungidwe m'thumba lapadera. M'thumba limenelo munkalowa lendi ya nyumba, zindapusa za mirandu, ndiponso phindu la mowa wogulitsidwa m'nyumba za mowa za Khonsolo. Tanthauzo lace linali lakuti wosauka adzilipirire yekha mseu ndi mpope, pamene msonkho wa mafakitale ndi masitolo akuru, kumene iye ankakhetsa thukuta, unali kukometsa mizinda ya Azungu. Munthu ankagwira nchito ku Germiston, koma msonkho wa fakitale yace sunali kufika ku Katlehong kumene ankagona. Mu 1982 Boma linapereka malokeshoni kwa makhonsolo a anthu akuda popanda ndarama zokwanira. Iwo anakweza lendi, ndipo mu 1984 dziko linayaka moto. Anthu anafuna cinthu cimodzi: mzinda umodzi, thumba limodzi.

Cimene anafunaco cinadza mu 2000. Mizinda ya Germiston, Boksburg, Benoni, Brakpan, Springs, Nigel, Alberton, Kempton Park ndi Edenvale inaphatikizidwa pamodzi ndi malokeshoni ace monga Tembisa, Katlehong, Vosloorus, Daveyton, KwaThema ndi Duduza, nikhala Khonsolo imodzi ya Ekurhuleni, likulu lace ku Germiston. Pa kalembera wa 2022 anapezamo anthu oposa 4 miliyoni. Thumba tsopano ndi limodzi. Funso lotsala ndi ili: atsegula thumbalo ndani, ndipo ayamba kugula ciani?

Ndarama za Khonsolo zidzera njira zitatu. Yoyamba, ndiyo yaikuru, ndi imene Khonsolo itolera yokha: msonkho wa nyumba ndi malo, ndi malipiro a magetsi, madzi ndi zinyalala. Magetsi igula kwa Eskom, madzi kwa Rand Water, nkugulitsanso kwa anthu. Yaciwiri ndi gawo la msonkho wa dziko lonse, limene Nyumba ya Malamulo ya ku Cape Town igawa caka ndi caka. Makhonsolo onse pamodzi alandira pafupifupi limodzi mwa magawo khumi. Yacitatu ndi ndarama zomangidwa pa nchito yochulidwa, monga kukonza malo okhalamo anthu, zimene siziloledwa kugwira nchito yina.

Tsono cherani khutu apa. Pogawa ndarama za njira yaciwiri, Boma liyang'ana ciwerengero ca mabanja osauka a m'mzinda uli wonse monga mwa kalembera, ndipo kalembera awerenga munthu ali yense wogona m'dziko, nzika ndi mlendo yemwe. Ndiko kuti pamene Khonsolo itambasula manja kulandira, mitu yathu iri m'ciwerengero. Lendi imene tipereka kwa mwini nyumba ndiyo imthandiza kulipira msonkho wace. Tikagula sopo kapena nsapato tisiya 15 peresenti ya msonkho wa VAT, monga munthu wina ali yense. Tiponya m'thumba tonse. Cimene tiribe ndi voti yokha.

Tikuuzeni tsopano mlandu wa Harry Gwala, cifukwa usonyeza bwino mmene Khonsolo ndi Boma la Cigawo ca Gauteng aponyerana katundu. Harry Gwala ndi mudzi wa zisakasa zamalata, zimene kuno tizicha mikhukhu, pafupi ndi Wattville ku Benoni. Mu Ogasiti 2006 Khonsolo inapempha nduna ya nyumba ya Gauteng kuti ibvomereze kusandutsa mudziwo lokeshoni yeni-yeni. Zaka zitatu zinapita popanda yankho. Anthu a m'mudzimo anapita ku bwalo kukapempha zimbudzi ndi nyali zazitali zounikira usiku. Khonsolo inati singathe kumanga zokhalitsa pa malo amene Cigawo sicinawabvomereze, ndipo inalonjeza cimbudzi cimodzi ca mankhwala pa mabanja khumi. Boma lalikuru ndi Cigawo anati adzaonjeza ndarama kuti cikhale cimodzi pa mabanja anai. Khonsolo inaona kuti kutero nkukondera mudzi umodzi pakati pa midzi yambiri yobvutika cimodzi-modzi. Mu Novembala 2009 Bwalo Lalikuru loona za malamulo oyendetsera dziko linadzudzula kucedwa kwa Cigawo, nililamula nduna kuti igamule nkhaniyo pasanathe miyezi 14. Koma zimbudzi ndi nyali zimene anthu anapempha, Bwalo silinawapatse.

Onani tsono: Khonsolo iti tidikira Cigawo, Cigawo citi tidikira akatswiri oyesa nthaka, ndipo mai wa ana atatu adikira onse awiri, ali ndi ndowa m'manja usiku cifukwa aopa kuturuka mumdima.

Kudikira kumeneku kuli ndi mtengo, ndipo alipo amene adyerapo. Cimbudzi ca mankhwala ndi kanyumba ka pulasitiki kobwereka kwa kampani. Khonsolo ilipira lendi mwezi ndi mwezi, ilipiranso galimoto lodzapopa. Tsiku limene pangano litha, kampani inyamula kanyumba kace, pamalopo nkutsala pfumbi. Mu 2019 atolankhani ofufuza a amaBhungane anaulula kuti m'zaka zitatu Khonsolo ya Ekurhuleni, pa nthawi ya Meya Mzwandile Masina, inaononga pafupifupi R1.9 biliyoni pa zimbudzi zotere. Ife amene tidziwa kulipira lendi timvetsa msanga. Munthu wokhala m'nyumba ya lendi zaka makumi awiri atuluka wopanda ngakhale njerwa imodzi. Mpope wokwiriridwa pansi utumikira ana ndi adzukulu; kanyumba ka pulasitiki katumikira mwini kampani.

Tisanamizane, Khonsolo iri nayo mbali yace. Midzi ya mikhukhu m'dera lace iposa 100. Ina inamangidwa pa malo a eni ace, ina pamwamba pa migodi yakale, ina pa mwala umene usungunuka ndi madzi, nthaka nkutitimira. Munthu afuna cimbudzi lero, sangadikire mpope wa zaka zisanu. Zonsezi tibvomereza. Koma tiwakumbutse za Bapsfontein, kumene Khonsolo inacotsa anthu mokakamiza, iti nthaka ndi yoopsya, ndipo mu 2011 Bwalo Lalikuru lomwelo linagamula kuti kuwacotsa popanda cilolezo ca bwalo kunali kuswa lamulo. Ngati malo ali oipa, anene msanga napeze ena mwa njira ya lamulo. Ngati ali abwino, aike mipope. Coipa ndi kusiya anthu pakati, caka ndi caka, lendi ya pulasitiki iri kukwera.

Ndipo pamene ndarama zicepa, Khonsolo itembenukira kwa yani? Kwa wogula magetsi. Pa 1 Ogasiti 2022 anthu a ku Tembisa anatseka miseu cifukwa ca kukwera kwa mitengo ndi kucepetsedwa kwa magetsi aulere. Maofesi a Khonsolo anatenthedwa, ndipo anthu anai anafa. Mu Julayi 2025 Tembisa inaukanso cifukwa ca malipiro atsopano a mwezi ndi mwezi pa magetsi, ndipo Meya Nkosindiphile Xhakaza anawaimitsa. Phunziro limene anthu atengapo ndi loopsya, lakuti kalata simveka koma tayala loyaka limveka. Pakati pa zaka zimenezi makhansala anali kulimbirana mpando: Tania Campbell anasankhidwa mu 2021, nacotsedwa ndi kubwezedwanso mu 2022, nacotsedwanso mu 2023, Sivuyile Ngodwana analowa mu 2023, nacoka mu 2024. Nchito ya mipope ifuna zaka. Meya wosadziwa ngati adzafika Khirisimasi ali pa mpando aganiza za kuwerenga mavoti a anzace.

Nanga aphungu a Nyumba ya Malamulo ya Gauteng, imene ikhala ku Johannesburg, ali kuti? Kucokera mu 2024 iwo alipo 80. Ndiwo abvomereza ndarama za nduna ya nyumba, ali ndi mphamvu yakuitana nduna ndi kuifunsa cifukwa cace pempho ligona zaka zitatu, ndipo ndime 139 ya malamulo a dziko ilola Boma la Cigawo kulowerera pamene Khonsolo yalephera udindo wace. Koma aphungu amenewa alowa kudzera pa mndandanda wa cipani, alibe dera limene linawasankha ndi dzina. Palibe phungu amene anthu a Harry Gwala angamuloze cala ndi kuti, iwe ndiwe wathu. Cifukwa ca ici, kawiri-kawiri phungu akweza mau pamene Khonsolo iri m'manja mwa cipani cina, nakhala cete pamene iri m'manja mwa cipani cace. Cimbudzi sicidziwa cipani, abale.

Cifukwa cina cimene sitingakhalire cete ndi ici. Pamene mpope uuma ndipo mzere wa cimbudzi utalika, mkwiyo ufuna pogwera, ndipo pofewa ndi pa mlendo. Sitinaiwale Meyi 2008, pamene anthu 62 anaphedwa m'dziko muno, ndipo mbale wathu wa ku Mozambique anatenthedwa wamoyo m'mudzi wa Ramaphosa pafupi ndi Reiger Park, m'dera lomweli la Ekurhuleni. Masankho akayandikira amabuka anthu onena kuti ndarama za Khonsolo zatha cifukwa ca alendo. Ife tifunsa: kodi R1.9 biliyoni ija inalowa m'thumba la Mmalawi wosoka zobvala ku Tembisa, kapena la Mzimbabwe womanga nyumba ku Boksburg? Mnansi wathu Mzulu kapena Mpedi akaona ziwerengero zimenezi ndi maso ace adzadziwa kumene kuli dzenje. Caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe; mpope ukauma, uumira tonse.

Tsono ticite ciani, ife opanda voti? Lamulo latisiyira makomo awiri. Khomo loyamba liri ku Khonsolo. Caka ca ndarama ciyamba pa 1 Julayi, ndipo lamulo la 2003 likakamiza Meya kuonetsa ndondomeko ya ndarama masiku 90 tsikulo lisanafike, ndiko kuti pofika kumapeto kwa Marichi, kuti anthu aione ndi kunenapo. Misonkhano imeneyi ndi ya okhala m'mzinda, ndipo ife tikhalamo. Ekurhuleni iri ndi mawodi 112, wodi iri yonse ndi khansala wace. Dziwani nambala ya wodi yanu ndi dzina la khansala wanu. Khomo laciwiri liri ku Johannesburg. Ndime 17 ya malamulo a dziko ipatsa munthu ali yense, osati nzika zokha, ufulu wopereka kalata ya madandaulo mwamtendere, ndipo Nyumba ya Malamulo ya Gauteng iri ndi komiti yolandira makalata otere.

Polowa pa makomo amenewa tisabalalike ndi zopempha zambiri. Tifunse zitatu. Coyamba, Khonsolo ilembe poyera, mudzi ndi mudzi, ndarama zimene ipereka pa lendi ya zimbudzi ndi zimene iika pa mipope yokhalitsa, kuti ali yense aone mbali imene iri kukula. Caciwiri, aphungu a Gauteng aitanitse mndandanda wa midzi yonse yodikira cigamulo ca nduna, ndi tsiku limene pempho liri lonse linaperekedwa, naike malire a nthawi yakuyankha. Cacitatu, malipiro atsopano a magetsi kapena madzi akambidwe ndi anthu asanayambe kugwira nchito, kuti pasafenso munthu pa mseu cifukwa ca nkhani imene ikadatha m'holo.

Tidziwa kuti ena mwa ife mapepala sali bwino, ndipo aopa kulemba dzina pa kalata ya Boma. Sitiwakakamiza. Amene muli ndi mapepala okwanira tsogolani, mulankhulire anzanu. Nkhaniyi muikambe ku chalichi, ku mzikiti, ndi m'mabungwe athu a maliro, kumene tisonkha kale ndarama zotumizira mitembo kwathu. Anthu odziwa kuwerengera thumba la maliro sangalephere kuwerenga thumba la Khonsolo. Koposa zonse musapite nokha monga gulu la alendo. Pitani ndi eni nyumba zanu ndi makomiti a m'miseu yanu, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo kalata yokhala ndi maina a Cizulu, Cisutu, Cishangani ndi Cinyanja pamodzi ibvuta kuitaya m'dengu.

Inu a ku Harare, ku Bulawayo ndi ku Kitwe, maina a maofesi ndi osiyana kwanuko, koma funsani funso lomweli ku makhonsolo anu: mwa ndarama za caka cino, ndi zingati zimene zidzasiya cinthu cooneka pakapita zaka khumi? Makolo athu anakumba golide wa East Rand, nabwerera kwao ndi sutikesi ndi cifuwa. Ife ana ao tikhala pamwamba pa migodi yomweyo, tilipira, tiwerengedwa. Marichi akafika tikapezeke m'holo ya Khonsolo, takhala pa benchi limodzi ndi anansi athu, pepala la ziwerengero liri m'manja.