Tsiku la Ukwati Lisamatipitirire

Alimi anzathu, tonse timakumbukira tsiku limene tinabzala chimanga. Timadziwanso mwezi umene mbuzi yathu inaswa. Koma atatifunsa tsiku limene tinalowa m'banja, ambiri timangoyang'anana. Ife tikuti zimenezi si zabwino. Tsiku la ukwati tizilikumbukira chaka ndi chaka, makamaka pamene ana akali ang'onoang'ono.

Kuno ku Lichinga ntchito siitha. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, timabzala chimanga ndi nyemba. Mu Januwale timapalira ndi kubandira. Tikangokolola mu Meyi ndi Juni, kudimba kukutidikira: mbatata ya kachewere, kabichi ndi anyezi. Mayi amalima wina ali kumbuyo, wina akukoka nsalu. Bambo amalawira kumsika ndi thumba la nyemba panjinga. Madzulo onse atopa. Zokamba zawo ndi mchere, sopo ndi chifuwa cha mwana basi. Pang'ono ndi pang'ono anthu amene anakondana amasanduka aganyu awiri a munda umodzi. Banja lotere silichedwa kugwedezeka. Ndalama za nyemba zikangolowa m'nyumba, mkangano wabuka, ndipo ovutika ndi ana.

Ena amati, "Zimenezo n'za anthu a m'tauni, ife ndalama tiziona kuti?" Zoonadi, pa Chipwitikizi pali maphwando a bodas de prata, okumbukira zaka 25 za ukwati, ndi bodas de ouro, a zaka 50. Koma zaka 25 munthu safikako modumpha. Zimayambira pa chaka chachitatu ndi chachinayi, matewera akali pachingwe. Ndipo ife sitikunena za phwando ayi. Nkhuku imodzi ya m'khola ndi nsima ya ufa woyera n'zokwanira. Ngongole ya tsikuli sitikuifuna.

Ena amati, "Nanga ana tiwasiya ndi yani?" Agogo alipo, azakhali alipo, ankhoswe aliponso. Ankhoswe tisamawaitane pa milandu pokha. Nawonso angasangalale kutenga ana masana amodzi, podziwa kuti banja limene anamanga likuyenda bwino. Wakhanda yekha atsale ndi mayi wake.

Enanso amati, "Ife tinangochita chinkhoswe, tsiku sitinalembe." Musadziderere. Lamulo la mabanja la dziko lathu la Mozambique, la 2004, linavomereza maukwati atatu: wa kuboma, wa chipembedzo, kaya kutchalitchi kaya kumzikiti, ndi wa mwambo. Ukwati wanu ndi ukwati ndithu, ndipo n'chanzeru kukaulembetsa kuboma. Zaka ziwerengeni ndi zokolola. Mwakolola kangati muli limodzi? Tsiku sankhani nokha. Mungathe kutenga 25 Disembala, limene m'dziko muno ndi Tsiku la Mabanja. Ngati tsiku lanu lenileni limagwa pa nthawi yopalira, lisunthireni ku Julayi, chimanga chitalowa m'nkhokwe.

Nanga tsikulo tichite chiyani? Khasu lipume. Tidye pamodzi, mbale imodzi. Kukazizira, monga kumachitira kuno kumtunda, tiothe moto awiriwiri. Bambo anene kuti, "Amake mwana, chaka chino mwagwira ntchito, zikomo." Mayi nawonso ayamike bambo a kunyumba. Tikatero tikambirane za chaka chikubwerachi. Matumba angati tisunge? Angati tigulitse? Ndani mwa ana ayamba sukulu? Mwana wina abwere liti, kuti mayi ayambe wapezanso mphamvu? Mutu umodzi susenza denga.

Ife amene taphunzira kulemba tili ndi mwayi. Lero lomwe titsegule kope. Patsamba limene timalemba masiku obzala ndi othira manyowa, tilembenso tsiku, mwezi ndi chaka cha ukwati wathu. Amene sanazolowere manambala apemphe aphunzitsi awathandize. Tikafika kunyumba tiwerengere anzathu zimene talembazo.