Ku Durban sazula chitseko

Mmalawi akagula kafulati kake koyamba ku Umbilo kapena ku South Beach, alangizi sasowa. Onse amaimba nyimbo imodzi: ejenti ndi wakuba, adyeranji gawo la lendi, kawirikawiri limodzi mwa magawo khumi, pa ntchito imene mwini angaigwire yekha? Uphungu umenewu ndi wokoma m'khutu, koma wagwetsa anthu m'dzenje.

Alangiziwa nzeru zawo anazitenga ku Ndirande ndi ku Chawama, kumene wolephera lendi amadzuka n'kupeza chitseko chazulidwa. Kwa eni kulibe mkuwe. Ku South Africa lamulo la PIE la 1998 sililola kutulutsa munthu m'nyumba popanda chigamulo cha khoti, ndipo mlandu wotere umatha miyezi, ngongole ya kubanki ndi malevi a fulati zikuyendabe. Landilodi wosintha loko kapena wodula magetsi ndiye amasanduka wolakwa, ndipo wochita lendi angathe kukamsumira kwaulere ku Rental Housing Tribunal ya KwaZulu-Natal.

Za dipoziti nazo n'zoterera. Lamulo la Rental Housing Act la 1999 limafuna kuti ndalamayo isungidwe ku akaunti yobala chiwongoladzanja, ndi kuti awiriwo ayendere nyumba limodzi polowa ndi potuluka. Mwini akanyozera kuyendera kotsirizako, lamulo limayesa kuti nyumba ili bwino, ndipo dipoziti ibwezedwe yonse, ngakhale sinki itasweka. Ndi angati mwa oyamba kumene amene amazidziwa izi? Bilu ya madzi ya eThekwini nayo ikaunjikana, masipala amalondola mwini nyumba.

Choipitsitsa ndi njira yachitatu, yokondedwa kwambiri ndi opita kumudzi pa Disembala n'kukhalitsa: kusiyira msuweni kuti azitolera lendi. Msuweni akadya ndalama, nkhani imathera pa maliro, pamene akuluakulu amapempha kuti abale akhululukirane.

N'zoona kuti maejenti aulesi alipo, ndipo ena amangoonekera pa tsiku lolandira. Koma ejenti ali ndi pomugwira. Kuyambira pa 1 February 2022, Property Practitioners Act imafuna kuti akhale ndi Fidelity Fund Certificate yochokera ku PPRA, ndipo ndalama za eni azisunga ku akaunti yapadera. Wopanda chikalatacho lamulo silimulola kulandira komishoni. Landilodi watsopano achione chikalatacho ndi maso ake, awerenge pangano lonse, makamaka ndime yonena za kuthetsa mgwirizano, asanapereke makiyi.